Thumba Lacikhumi Lili ndi Mwini Wake

Masika afikanso. M'midzi yathu mikukwe yagwetsedwa, ngolo zili kalikiliki kututa cimanga, ndipo ogula mbeu ayamba kale kupacika masikelo ao pansi pa mitengo ya m'mbali mwa miseu. Pa nyengo ngati ino munthu aliyense amayenda ndi masamu m'mutu: matumba angati a cakudya, angati a feteleza wa caka ca mawa, angati a yunifolomu ndi nsapato za ana. Sabata ino ndifuna kukumbutsa abale athu Asilamu za thumba limodzi limene kawirikawiri limaiwalika pa masamu amenewa. Inu a mipingo ina musafulumire kutembenuza tsamba, pakuti njala ikamalowa m'nyumba sifunsa kumene mwini nyumba amapemphera.

ZIMENE NDINAONA KU NATUSEKO

Masiku apitawa ndinali ku Kabwe, ndipo ndinapita ku Natuseko kukaceza ndi mkulu wina amene ndadziwana naye kwa zaka zambiri. Atate ake anali Myao wa ku Mangochi amene anabwera kudzafuna nchito pa mgodi wa mtovu, masiku amenewo tauniyo ikudziwika ndi dzina lakuti Broken Hill. Mkuluyu anabadwira komweko, nagwira nchito ya njanji mpaka anapuma, ndipo tsopano amalima munda wake kunja kwa tauni.

Ndinawapeza ali pabwalo, atatsiriza kutong'ola cimanga. Matumba 30 anali atandanda m'mbali mwa cipupa. Iwo anali kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yao, kugogoda thumba lililonse ndi kuwerenga mokweza, ndipo akafika pa lacikhumi anali kulilemba cizindikiro ndi khala. Atatha anaitana adzukulu kuti akokere matumba atatu olembedwawo pa okha.

Tili pomwepo panafika mwana wa mlongo wao, mnyamata wacangu amene ali ndi kantemba pa msika ndiponso munda waukulu kuposa wa amalume ake. Atapereka moni anafunsa kuti, "Amalume, kodi atatu awa ndi a mbeu?"

"Iai, mwanawe. Amenewa si anga. Ndangowasungira eni ake."

"Kodi mwakongola kwa yani?"

"Ndi Zakaat."

Mnyamatayo anaseka. "Amalume, Zakaat ndi ya anzathu a masitolo akuluakulu a m'tauni. Ife a ku komboni ndife olandira."

Mkuluyo sanakwiye. Anangofunsa kuti, "Nanga iwe caka cino wakolola angati?"

"Matumba 60."

"Ndiye kuti asanu ndi limodzi akugona m'nyumba mwako, eni ake akugona ndi njala."

Mau a mnyamata uja ndawamva pa milomo ya anthu ambiri, ku Kabwe, ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke komwe. Popeza kwa zaka zambiri anthu aona amalonda olemera akugawa ufa, mabulangete ndi mafuta ophikira m'mwezi wa Ramadhani, ambiri afika poganiza kuti Zakaat ndi mwambo wa eni masitolo okha. Maganizo amenewa ndi olakwika. Lamulo la Zakaat limafika ku nkhokwe ndi ku khola monga momwe limafikira ku banki.

ZAKAAT SI MPHATSO

Cisilamu cili ndi nsanamira zisanu: kucitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi ndi kuti Muhammad ndi Mtumiki wake, kupemphera kasanu pa tsiku, kupereka Zakaat, kusala m'mwezi wa Ramadhani, ndi kupita ku Makka kwa amene angathe. Zakaat ndi nsanamira yacitatu, ndipo m'Kurani imachulidwa kawirikawiri pamodzi ndi pemphero. Mau akewo m'Ciarabu ali ndi tanthauzo la kuyeretsa ndi kukula. Munthu amene wacotsa gawo la osauka wayeretsa cuma cake cotsala.

Lamuloli linakhazikika m'caka caciwiri Mtumiki atasamuka ku Makka kupita ku Madina, msamuko umene unacitika mu 622. Iye atamwalira mu 632, mafuko ena a ku Arabia ananena kuti adzapitiriza kupemphera koma Zakaat sadzaperekanso. Abu Bakr, amene analowa m'malo pa utsogoleri, anakana kulekanitsa ziwirizi, ndipo anatumiza ankhondo kukalimbana nao. Umo ndi momwe Asilamu oyamba anaionera nkhani imeneyi.

Pano tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Sadaka ndi copereka ca ufulu: mupereka pamene mwafuna, monga mwafunira, kwa munthu aliyense wa cipembedzo ciliconse. Zakaat ili ndi muyeso wake, nthawi yake ndi eni ake. Cakudya cimene mabanja ambiri amaphika pokumbukira malemu, cimene kwathu kuno timacicha sadaka, sicilowa m'malo mwa Zakaat, ngakhale mutapha ng'ombe ndi kudyetsa mudzi wonse. Munthu amene ali ndi ngongole sanganene kuti wabweza cifukwa anaitana mwini ndalama ku phwando.

MUYESO WA M'MUNDA

Tiyambe ndi munda, pakuti ndiko kuli cuma ca ambiri a ife. Pa mbeu za cakudya zimene zimasungika, monga cimanga, mpunga, mapira, mawere ndi nyemba, Zakaat imaperekedwa pa nthawi ya kukolola, popanda kudikira kuti caka cithe. Ngati munda unathiriridwa ndi mvula, gawo lake ndi limodzi pa khumi. Ngati mwini munda anavutika kuthirira yekha, ndi injini kapena ndi ndowa monga timacitira ku madimba, gawo lake ndi limodzi pa 20, cifukwa lamulo limazindikira thukuta ndi ndalama zimene zinalowa pa madziwo.

Si aliyense amene wakolola ayenera kupereka. Pali malire amene m'Ciarabu amachedwa nisabu. Kwa otsata ciphunzitso ca Imam Shafi'i, cimene Ayao ambiri amatsata, malire a mbeu ndi pafupifupi makilogalamu 650, ndiko kuti matumba 13 a makilogalamu 50. Amene wapeza matumba asanu ndi atatu alibe mlandu, ndipo mwina iye ndiye woyenera kulandira. Amene wapeza 20 acotse awiri. Amene wapeza 40 acotse anai. Otsata Imam Abu Hanifa, monga Asilamu ambiri amene makolo ao anacokera ku India, amacotsa cakhumi pa zokolola ngakhale zitacepa. Pa nkhani ya ngongole ya feteleza ndi mbeu mashehe amasiyana maganizo, ena amati iyambe yacotsedwa, ena amati iai. Wa ngongole yotere apite kwa shehe wa pa mzikiti wake asanagulitse cimanga, osati atagulitsa ndi kudya ndalama.

MUYESO WA M'KHOLA NDI WA M'THUMBA

A ziweto naonso ali ndi masamu ao. Mbuzi kapena nkhosa zikafika 40 ndipo zakhala caka cathunthu zikudya msipu wa kuchire, mwini wake apereke imodzi. Imodzi yomweyo ikwanira mpaka zitafika 120. Kuyambira 121 mpaka 200 apereke ziwiri. Ng'ombe zikafika 30 apereke thole la caka cimodzi, zikafika 40 apereke ng'ombe yaikazi ya zaka ziwiri. Ng'ombe zolimira ndi zokoka ngolo mashehe ambiri saziwerengera, pakuti zili ngati khasu la mwini wake. Posankha coperekaco asatenge mbuzi yodwala kapena yothyoka mwendo, komanso sakakamizidwa kupereka yonenepa kuposa zonse. Atenge ya pakati.

Pa ndalama muyeso wake ndi kwacha imodzi pa makwacha 40 alionse, ndiko kuti K25 pa K1,000, kapena K100 pa K4,000. Ndalamazo zikhale zofika pa mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo zikhale zitatha caka cathunthu m'manja mwa mwini wake. Caka cimeneci ndi ca mwezi, ca masiku 354, cocepa ndi masiku 11 pa caka ca kalendala ya Boma. Popeza mtengo wa golide ndi siliva umasintha, malire ake m'makwacha amasinthanso, ndipo atsogoleri a mizikiti ndiwo angakuuzeni a caka cimeneco. Ndalama zonse ziwerengedwe pamodzi: za ku banki, za pa foni, za pansi pa mphasa, ndi zimene munakongoza munthu amene mukudziwa kuti adzabweza. Wa kantemba awerengenso mtengo wa katundu amene ali pa mashelefu, sopo, suga, mcere ndi makandulo, pa tsiku limene caka cake cakwana.

Nyumba yogonamo, njinga yoyendera, makina osokera, zovala ndi ziwiya za m'nyumba zilibe Zakaat. Lamulo silifuna kuvula munthu malaya. Limangopempha gawo locepa pa zimene zasefukira.

Palinso Zakaat ina yaing'ono, ya pa mapeto a Ramadhani, imene imachedwa Zakaat ul-Fitr. Mwini banja amene ali ndi cakudya coposa ca tsiku la Idi amapereka makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu a cakudya ca m'dzikomo pa mutu wa munthu aliyense wa m'nyumba mwake, ngakhale khanda. Iperekedwe pemphero la Idi lisanayambe, kuti pa tsiku la cisangalalo pasapezeke nyumba imene moto sunasonkhedwe. Ambiri amapereka imeneyi mokhulupirika, naganiza kuti atsiriza zonse. Koma imeneyi ndi ya pa mutu, ndipo siicotsa ija ya m'nkhokwe.

ENI AKE NDANI?

Kurani, m'sura 9 ndime 60, imachula magulu asanu ndi atatu a anthu oyenera kulandira. Pali osauka amene alibiretu kanthu, ndi osowa amene ali ndi pang'ono kosakwanira. Pali amene aikidwa pa nchito yosonkhanitsa ndi kugawa Zakaat, ndi amene mitima yao ikulimbikitsidwa pa cikhulupiriro. Pali akapolo ofuna kuomboledwa, anthu omira m'ngongole, nchito za pa njira ya Mulungu, ndi a paulendo amene zawathera kutali ndi kwao.

Anthu otere safunika kuwasaka ndi nyali m'tauni ya Kabwe. Mgodi umene unaitana atate a mkulu uja unatsekedwa mu 1994, nusiya mabanja ambiri opanda malipiro ndiponso nthaka yodzala ndi mtovu umene wadwalitsa ana ambiri a m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo. Nchito za njanji zinacepa. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007, nikhala zaka zambiri makina ali zii. M'makomboni monga Makululu, Katondo, Bwacha ndi Natuseko muli amai amasiye amene amagula ufa wa pamela tsiku ndi tsiku, agogo olera adzukulu okhaokha, ndi abambo amene anatenga kaloba kuti aike maliro ndipo mpaka lero ciwongoladzanja cikuwadya. Amenewa ndiwo eni ake a thumba lacikhumi.

Sitinaiwalenso cilala ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, maboma 84 mwa maboma 116 atakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citauma. Dziko lonse linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha. Caka cotsatira, mu 2025, mvula inabwera bwino ndipo zokolola zinaposa matani 3 miliyoni ndi theka. Alimi ambiri amene mu 2024 anaima pa mzere kudikira cithandizo, mu 2025 anadzaza nkhokwe. Wolandira wa dzulo anasanduka wopereka wa lero, ndipo wopereka wa lero sadziwa za mawa. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Anatinso kupatsa n'kuika.

Pali anthu amene simungawapatse Zakaat yanu: atate ndi amai anu, agogo anu, ana anu, adzukulu anu ndi mkazi wanu, pakuti kuwadyetsa amenewa ndi udindo wanu kale. Koma mbale wanu, mlongo wanu, azakhali, amalume kapena msuweni amene ali pa umphawi mungampatse, ndipo n'kwabwino kuyamba ndi iwo. Mashehe ambiri amaphunzitsa kuti Zakaat ipite m'manja mwa Asilamu osauka a m'dera lomwelo limene cumaco capezeka, ndi kuti isagwiritsidwe nchito yomangira mzikiti kapena kugula mikeka yopemphererapo. Za mzikiti zicokere ku zopereka zina. Ndipo mnansi wanu wa ku chalichi amene ana ake akulira ndi njala musamtsekere citseko: wa iye ndi sadaka, imene ilibe malire.

ZODZIKHULULUKIRA ZIMENE TIMAMVA

Wina amati, "Ine ndimakhoma kale msonkho ku Boma." Msonkho ndi wa miseu, zipatala ndi masukulu, ndipo nzika iliyonse iyenera kukhoma. Zakaat ndi pangano la Msilamu ndi Mulungu wake. Cina sicilowa m'malo mwa cinzake.

Wina amati, "Osauka ali ndi Boma, amalandira ndalama za cithandizo." N'zoona kuti ndondomeko ya Boma yopatsa ndalama mabanja ovutika, imene inayambira ku Kalomo mu 2003, inafalikira m'maboma onse a dziko lino. Koma kalembera amafika pa nthawi yake, pamene njala imafika usiku. Inu amene mumamva kuti kuseri kwa mpanda wanu mtondo sunalire masiku atatu mumadziwa zimene buku la ku ofesi silingadziwe msanga.

Wina amati, "Ndidzapereka ndikagulitsa." Tonse tikudziwa momwe ndalama za cimanga zimathera. Malata awiri, wailesi, ulendo wa ku Lusaka, basi zatha. Pofika Januwale ndi Febuluwale, pamene mnansi akuyenda m'minda ya eni kufuna ganyu, mwini lonjezo uja nayenso akugula ufa. N'cifukwa cake mkulu wa ku Natuseko amalemba matumba ndi khala tsiku lomwelo limene wasoka pakamwa pao.

Wina amati, "Sindikhulupirira amene amasonkhanitsa." Ngati ndi tero, perekani nokha m'manja mwa wosauka amene mukumdziwa, pakuti lamulo likulola. Koma dandaulo limeneli likhale cenjezo kwa makomiti a mizikiti. Lembani m'buku zonse zolowa ndi zotuluka, ndipo werengani ciwerengero cake pamaso pa anthu tsiku Lacisanu, popanda kuchula maina a olandira. Anthu akaona kumene cuma cao capita, caka ca mawa adzabweretsa okha. Pamene Zakaat yasonkhanitsidwa mwadongosolo imacita zazikulu. Ku Malawi bungwe la Islamic Zakaat Fund lakhala likulipirira ana osauka maphunziro a sekondale ndi a koleji. Mzikiti wa pa mudzi sungafike pamenepo, koma alimi khumi atasonkha matumba awiri awiri ndiye kuti pali matumba 20, okwanira kuolotsa mabanja angapo mpaka cimanga caciwisi.

KAPEREKEDWE KAKE

Zakaat ndi pemphero la m'manja, ndipo monga pemphero lililonse imayamba ndi citsimikizo ca mumtima kuti cimene mukucotsaci ndi Zakaat. Wolandira simufunika kumuuza. Musamuimike pa bwalo kuti anthu amuone, musamjambule cithunzi, ndipo musadzamkumbutse tsiku limene mwakangana. Musayembekezere kuti adzakulimireni munda kapena adzakuvotereni. Ngati munthu wabweza mbuzi ya mwini imene inalowa m'khola mwake, sayembekezera kuombedwa m'manja.

Ngati gawo lanu ndi lalikulu, ganizirani zopatsa munthu mmodzi cinthu cimene cingamuimike pa miyendo yake, m'malo momwaza pang'onopang'ono kwa anthu 50. Mbuzi yaikazi kwa mai wamasiye, mpamba wa tomato ndi kapenta, kapena kumasula munthu ku kaloba, zingacititse kuti zaka zikudzazi iyenso adzakhale wopereka.

Ndisanacoke ku Natuseko dzuwa linali litalowa. Mkulu uja anadikira kuti mdima ugwire, nauza mdzukulu wake wamkulu kuti akweze thumba limodzi pa wilibala. Anamuuza nyumba yake monong'ona, namlangiza kuti akagogode ku khomo la kuseri, akatule, ndipo asakakhale pansi kudikira zikomo. Ine sindinafunse dzina la mwini nyumbayo, ndipo iwo sanandiuze.

Mwana wa mlongo wao uja anali cikhalire pa mpando, akucita masamu pa foni yake. Potsiriza anadzutsa mutu nati, "Koma amalume, asanu ndi limodzi ndi ambiri."

Mkuluyo anayankha kuti, "Otsala ndi 54. Ambiri ndi ati?"

Funso limeneli ndikulisiya kwa inu, abale athu Asilamu a m'midzi ndi a m'makomboni, pamene mukusoka matumba anu masika ano. Tengani khala, werengani mpaka khumi, ndipo lembani.